Boti la Matabwa Lopita ku Nyanja ya Mchere

Tiyeni tiganizireko za boti lakale la matabwa.

Ku Algonac, m'chigawo cha Michigan ku America, kampani ya Chris-Craft inkapanga timaboti taliwiro ta matabwa a mahogany. Kumeneko madzi ake ndi opanda mchere. Tsono munthu akafuna kutengera boti lotere ku nyanja ya mchere, ntchito imakula.

Kupala vanishi wakale ndi sandipepa, kupaka watsopano, kudikira aume, kupalanso, kupakanso: izi zimafuna kufatsa, ndipo ndi zimene anthu amayamikira padoko. Koma mtima wanga uli kunsi kwa boti, kumene maso safika. Madzi a mchere amadya zinc wa m'masikuluu a brass mpaka sikuluu kufumbutuka, n'chifukwa chake mmisiri wosamala amawazula n'kuikamo a silicon bronze. M'madzimo mulinso kanyama kotchedwa teredo, kooneka ngati nyongolotsi koma ka mtundu wa nkhono, kamene kamaboola thabwa ngati nankafumbwe m'chimanga, kunja likuoneka labwinobwino. Penti wokhala ndi mkuwa ndiye amakatchinga. Pa shafiti ya injini amamangirirapo kachidutswa ka zinc kuti kadyeke ndiko, chitsulo chofunikacho chipulumuke.

Mmisiri wothera masabata pansi pa boti, pantchito yomwe palibe adzamuyamike nayo, ine ndimamupatsa ulemu waukulu.

Inu amene muli ndi boti lotere, mukangovuuka, tsukani injini ndi madzi opanda mchere musanapite kokapuma.