Walira mvula walira matope

Mwambi uwu wandibwerera chifukwa cha galaja. Bambo ena a m'dera lathu kuno ku Lilongwe anagwetsa galaja yakale ya panyumba pawo n'kumanga ina yaikulu, ndipo masiku ano aliyense wokumana nawo pagolosale akumva nkhani imodzimodzi, yoti anthu a kuno ndi ansanje, safuna mnzawo atukuke. Tanthauzo la mwambiwu ngakhale mwana wa pulayimale amalidziwa: chabwino chimabwera ndi zowawa zake, ndipo wochipemphayo ndiye azilandire. Chimene chandipweteka mtima n'chakuti ena mwa ife taphunzira kulira mvula, matope n'kukankhira kwa aneba.

Chifukwa chogwetsera chinalipo. Galaja yakaleyo inamangidwa nthawi imene munthu wa pantchito ankayendera Datsun kapena Peugeot 404. Bambowa anagula Hilux ya zitseko zinayi, yotalika kupitirira mamita 5, ndipo ikalowa chitseko cha galaja chinkakana kutsekeka. Mayi a kunyumba nawo ali ndi kagalimoto kawo kochokera ku Japan, kodzera pa doko la Dar es Salaam. Mpaka apa palibe mlandu.

Koma puloti sikula chifukwa mwiniwake walemera. Kuti galimoto ziwiri zikwane, khoma latsopano linakathera pampanda penipeni, ndipo denga la malata analipendeketsera kwa mayi amasiye okhala kuseri. Tiyeni tiwerenge pang'ono. Dengalo ndi la mamita 7 uku ndi uku. Mvula ya mamilimita 30, imene mu Januwale imatha kugwa masana amodzi wina osadabwa, imatsitsa padenga lotere madzi pafupifupi malita 1,500, kapena kuti zigubu za malita 20 zoposa 70. Kale denga linali laling'ono, ndipo pakati pa galaja ndi mpanda panali kapinga ndi mapapaya, nthaka inkamwa madziwo. Lero pabwalo ponse anathira simenti. Ndinakaona ndekha kumene madziwo amapita. Khoma la khitchini ya mayiwo lanyowa kulekeza m'mawondo, pulasitala ikuyoyoka ukangoikhudza ndi chala, matumba a chimanga awasanjika pa njerwa, ndipo pakhomo ayala matabwa oti adzukulu aziponda popita kusukulu.

Mayiwo anapita kukadandaula, mwaulemu monga mwa msinkhu wawo. "Bambo, madzi anuwa andigwetsera nyumba." Yankho linali lakuti, "Mayi, mvula ndi ya Mulungu. Ine ndingailetse?" Yankho limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Mvula ndi ya Mulungu, inde, koma amene anauza mmisiri kuti denga liloze kwa mayi amasiye anali munthu, ndipo anasankha choncho kuti madzi asamadonthere pakhonde pake.

Matope enieni a galaja yaikulu akudziwika. Oyamba ndi pulani. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga mumzinda ayambe wapeza chilolezo, ndipo zina mwa zimene akhonsolo amayang'ana pa pulani ndi mpata wa pakati pa khoma ndi malire a puloti komanso kolowera madzi. Bambowa anati ndi galaja chabe, ya pulani n'chiyani. Ambirife timaganiza chimodzimodzi, ngati kuti denga la galaja limatsitsa madzi ochepa kusiyana ndi la chipinda chogona. Kujambulitsa pulani, kulipira, kudikira, mwinanso kuuzidwa kuti khoma libwerere m'mbuyo ndipo galimoto ziwiri zithinane, zonsezo ndiwo matope a munthu wofuna galaja, ndipo ndi ake.

Ena ndi a m'thumba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo yakhala ikungokwera, ndipo womanga aliyense amafika poti adule zina. Apa ndi pamene mtima wa munthu umaonekera. Pa galaja imeneyi matailosi a pansi anakhalabe, chitseko chachitsulo chokokera m'mwamba chinakhalabe, magetsi a pakhoma anakhalabe. Zimene zinachoka pa mndandanda ndi mipaipi yolandira madzi a padenga ndi ngalande yopita kumsewu, zinthu zokhazo zimene zikanateteza munthu wina. Ndiye munthu asandiuze kuti ndalama zinatha. Zinathera pamene mwiniwake anafuna.

Ndivomere zochepa, ngakhale sizikundikomera. Galimoto yogona panja m'tauni muno imadzuka yopanda batire kapena magalasi, choncho kufuna kuitsekera si kudzionetsera. Magalaja ena akale chiswe chinadya mitengo ya denga lonse, ndipo kuwagwetsa ndiko nzeru. Nsanje nayo ilipo, aliyense amene anamangapo chinthu chooneka amaidziwa. Alipo ndithu amene anatsata zonse, pulani n'kudinditsa, koma mmisiri n'kuwabera simenti, khoma n'kung'aluka chaka chisanathe, ndipo wotereyu kumuponyera mwambiwu n'kumunyoza. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimaumitsa khoma la khitchini ya munthu.

Chandikwiyitsanso n'chakuti wina, pofuna kuziziritsa nkhani, anauza mayi amasiyewo kuti apirire, m'tauni ndi momwemo, walira mvula walira matope. Kumeneko n'kugwira mwambi kumchira. Mayiwo analira mvula iti? Alibe galimoto, sanapemphe galaja, ndipo palibe anawafunsa pamene maziko ankakumbidwa. Mwambiwu ndi wouza wopindula. Ukaulozetsa kwa wovutikayo umasanduka chida chotsekera pakamwa anthu osauka, ndipo makolo sanautisiyire ntchito imeneyo. Komanso puloti iliyonse imene yaphimbidwa ndi simenti imatumiza madzi ake kumunsi, ndipo okhala m'mphepete mwa Lingadzi, monga a ku Mtandire, akudziwa kumene madzi a mzinda uno amakathera.

Mmisiri amene anamanga galajayo akuti kuika mipaipi ndi kukumba ngalande ndi ntchito yosakwana sabata. Bambowa akuti aona mvula ikatha. Kuno mvula imatha cha mu Epulo, ndipo mayiwo ayamba kale kusamutsira ziwiya za m'khitchini kuchipinda chochezera.