Sevu siiwala

Masewero a pakompyuta otchedwa Skyrim adatuluka pa 11 November 2011, koma mpaka lero eni ake enieni ndi osewera, amene amawasoka zigamba zotchedwa ma mod. Wina adakonza nkhope za anthu a m'masewerowo, wina adabweretsa chisanu choti ukapanda kusonkha moto ufe nacho, wina adasandutsa zinjoka zouluka kukhala sitima ya ana ija, Thomas the Tank Engine. Pa zimenezi palibe wokangana. Mkangano umabuka pa kaikidwe kake, ndipo ine ndimaumva ngati mkangano wa m'tchalitchi.

A gulu loyamba amati ika ndi manja ako. Utsitse fayilo pa tsamba la Nexus Mods, uimasule, ukokere zam'katimo mu foda ya Data. Kompyuta ikapeza kuti mod ina idaika kale fayilo ya dzina lomwelo, imakufunsa ngati ilembe pamwamba. Ukangoti inde, yakale ija yapita. Pakatha miyezi ukafuna kuchotsa modyo, uyenera kukumbukira wekha fayilo iliyonse imene idabwera nayo ndi iliyonse imene idaponda. Ambiri amathera pofufuta zonse n'kutsitsanso masewero onse, ndipo Special Edition ya 2016 imafuna malo okwana 12 GB. Wogula bandulo akudziwa kuti mawu amenewa ndi ndalama.

A gulu lachiwiri amadalira chida. Chida chotchedwa Mod Organizer 2 sichikhudza foda ya Data n'komwe. Mod iliyonse imakhala m'foda yakeyake, ndipo masewero akamayaka chidacho chimawaonetsa zonse ngati zili pamodzi. Yakunyansa? Chotsa chizindikiro m'kabokosi, basi, ngati siidakhalepo. Tannin, amene adalemba Mod Organizer yoyamba, adalembedwa ntchito ndi a Nexus mu 2016 ndipo adapanga chida china chotchedwa Vortex, chimene chili ndi batani lotchedwa Purge lobweza foda mwakale.

Ine ndili ku gulu lachiwiri, koma a manjawa sindiwaseka. Ena mwa iwo amangonyadira thukuta, ngati kuti kuvutika pakokha n'kudziwa. Amenewo asiyeni. Koma ena akunena chinthu cholemera: munthu wodziwa kuti sangabwerere amawerenga malangizo asanadine. Mantha amamutsegula maso. Pamene wa chida amaunjika ma mod usiku umodzi osawerenga ndi mzere womwe, poti akuti chikavuta achotsa. Funso la apa ndi lakale, ndipo Paulo adalimbana nalo m'mutu 6 wa kalata yake kwa Aroma: ngati chikhululukiro chilipo nthawi zonse, chingaletse munthu kuchita mosasamala n'chiyani?

Yankho lili m'fayilo ina imene magulu onsewa amaiiwala akamakangana, fayilo ya sevu. Ma mod ambiri a Skyrim amabwera ndi timalamulo tolembedwa m'chinenero cha Papyrus, ndipo ukasunga masewero, timalamuloto timalowa m'sevumo n'kukhazikika. Uchotse modyo mwaukhondo chotani, foda iwale ngati yatsopano, sevu yako idakali kuitana zinthu zimene kulibenso. Mwina suona kanthu lero. Mwina pakatha maola ambiri masewero ayamba kuzima okha ukamalowa mumzinda wa Whiterun, iwe n'kumaloza chala mod ina yosalakwa. Chilipo chida chotsukira sevu chotchedwa ReSaver, ndipo chimathandiza, koma sichibweza zonse. Ngati mod idapha munthu wofunika pa nkhani ina, kuichotsa sikumuukitsa.

Apa m'pamene ndimaona kuti chidacho chimakhululuka ndithu, koma chimene chimakhululuka ndi foda, osati ulendo umene wayenda kale. Nkhani ya Davide m'mutu 12 wa 2 Samueli imayenda chimodzimodzi. Mneneri Natani adamuuza kuti tchimo lake lachotsedwa ndipo safa, koma Uriya, amene Davide adamuphetsa, sadadzuke m'manda, mwana wa Davide adamwalira, ndipo nyumba ya mfumuyo siidaonenso mtendere. Alaliki ena amakonda theka loyamba lokha, ena theka lachiwiri lokha. A manja amalalikira za zotsatira, ngati kuti kukhala wopanda pothawira ndiye chilungamo. A chida amalalikira za kufufuta, ngati kuti kabokosi kangabweze dzulo. Onsewa agwira mbali imodzi ya nkhani.

Sindikuona ulemu uliwonse pokana chida chimene chimakumbukira bwino kuposa mutu wanga. Ngakhale kasanjidwe ka ma mod, kuti uyu atsogole uyu atsatire, ndimayamba ndafunsa chida chotchedwa LOOT. Koma LOOT sadziwa kuti ndikufuna Skyrim wotani, ndipo Mod Organizer 2 sangandiwerengere chenjezo limene mwini mod adalemba ndi zilembo zikuluzikulu, lakuti usaichotse masewero ali pakati.

Choncho inu amene mukufuna kuyamba, ikani chidacho, musachite nacho manyazi. Yesani ma mod anu pa sevu yoti mudzaitaya, muone ngati akugwirizana, muchotse amene sakukukomerani nthawi ikadalipo. Mukatero yambani masewero atsopano, ndipo mod iliyonse yokhala ndi Papyrus imene mwalowa nayo muisiye momwemo mpaka mumalize.