Kodi Kubisa Chisa cha Mbalame ndi Bodza?

Alendo ambiri amene amakwera ku Livingstonia sathera pa mathithi a Manchewe. Ena amapitirira ku Nyika, nkhalango yotetezedwa yoyamba m'dziko muno, yokhazikitsidwa mu 1965, kumene kuli mitundu ya mbalame yoposa 400. Pakati pa mbalamezi pali namzeze wa buluu, amene watsala wochepa pa dziko lapansi. Amafika nthawi ya dzinja kudzaswa, ndipo mvula ikatha amabwerera ku madera a nyanja ya Victoria. Chisa chake amamanga m'maenje a pansi, m'malo a udzu.

Tsono funso nali: munthu akapeza chisa chotere, auze ndani? Akalengeza, anthu adzathamangirako ndi makamera, make adzathawa, mazira n'kuzizira. Mwinanso mbiri idzafika kwa anyamata a legeni ndi ulimbo. Koma akakhala chete, oteteza zachilengedwe adzawerenga bwanji mbalame zotsala? Moto ukamatenthedwa kapena mitengo ya paini ikamabzalidwa pamalopo, ndani adzaletse?

Ife anamwino tinaphunzitsidwa za mtolo womwewu. Matenda a munthu sitinkawanena pamsika kapena pachitsime. Koma tikapeza kolera, kubisa kukanakhala kupha mudzi wonse, choncho tinkadziwitsa akuluakulu a zaumoyo tsiku lomwelo. Nkhani imodzimodzi imapulumutsa ikafika kwa woyenera, ndipo imawononga ikagwera m'makutu a aliyense.

Okonda mbalame ayamba kuyenda njira yomweyi. Kaundula wa pa intaneti wotchedwa eBird amalandira malipoti a anthu a m'mayiko onse, koma malo enieni a mitundu ina imene ili pangozi sawaonetsa poyera. Kuno kwathu woona chisa angadziwitse alonda a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire. Anene tsiku, malo ndi chiwerengero chimene waona ndi maso ake, osaonjezera, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Kodi kumeneku ndi kunama? Iyayi. Wabodza amanena chimene sichili. Wosunga chinsinsi amangokana kupereka chofooka m'manja mwa amene angachipweteke. Mlendo akafunsa, tingamuyankhe moona kuti mbalameyo ilipo, koma pamene pali chisa sitinena. Pa Deuteronomo 22:6-7 Mulungu analamula ngakhale za wopeza chisa panjira, kuti asatenge make pamodzi ndi ana. Kupeza chinthu sikutipatsa ufulu wochita nacho monga tifuna.

Nanga ife amayi? Poyendera odwala ndi amasiye timaona zisa zambiri: banja logwedezeka, mtsikana woyembekezera, mwana wozunzidwa. Za mwana wozunzidwa tiyenera kunena msanga kwa amene angamuteteze. Zina n'zofunika abambo ansembe okha, kapena mayi mmodzi wachikulire. Koma kangati timazitulutsa pa msonkhano pozitcha "zopempherera", pomwe ndi miseche yovala yunifolomu?

Tisanatsegule pakamwa tidzifunse: amene ndikumuuzayu, kodi adzateteza chisa kapena adzangopita kukasuzumira?

Ambuye atipatse nzeru yodziwa ponena ndi pokhala chete.