Mphaka Wotoledwa ndi Ngongole ya Chiyamiko

Munthu akatola mphaka wosowa mwini, nam'tengera kunyumba kwake, kawirikawiri akhumudwa ndi zimene mphakayo achita pa masiku oyamba. Am'patsa chakudya, koma iye sadya. Am'yalira nsanza pamalo ofunda, koma iye athawira kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa matumba a chimanga, nakhala phee mumdima tsiku lonse. Akati am'gwire, mphakayo aimika ubweya natulutsa zikhadabo. Pamenepo mwini nyumba apsa mtima nanena kuti, "Kanyama aka nkosayamika. Ndinakapeza katatsala pang'ono kufa ndi njala, tsono taonani malipiro ake."

Mawu amenewa tiyenera kuwaganizira bwino, pakuti m'kati mwake muli funso lalikulu. Kodi wopulumutsidwa ali ndi ngongole kwa amene anam'pulumutsa? Ngati ngongole ilipo, nanga ili kwa yani?

Ntchito yotola ziweto zotayika inayamba kale. M'chaka cha 1824 anthu ena mumzinda wa London anayambitsa bungwe loletsa kuchitira nyama nkhanza, limene lero litchedwa RSPCA. M'chaka cha 1860 mayi wina, dzina lake Mary Tealby, anatsegula nyumba yosungiramo agalu osochera ndi anjala. Pambuyo pake nyumbayo inasamukira ku Battersea, ndipo m'chaka cha 1883 inayamba kulandiranso amphaka. Kwathu kuno, ku Lilongwe, bungwe la LSPCA linakhazikitsidwa kuti ligwire ntchito yonga yomweyi. Anthu a m'nyumba zotere aona amphaka ambirimbiri akulowa m'makomo atsopano, ndipo malangizo awo agwirizana pa mfundo iyi: mphaka watsopano abisala chifukwa cha mantha, ndipo wom'tulutsa mokakamiza angowonjezera manthawo.

Kuti timvetse manthawa, tiyenera kudziwa kumene mphaka anachokera. Kholo lake ndi vumbwe, yemwe uja wa kutchire. Vumbwe sayenda m'gulu monga achitira mimbulu. Asaka yekha, agona yekha, ndipo moyo wake wonse udalira pa kudziwa dera lake: pobisala, pothawira ndi pomwera madzi. Akatswiri ambiri aganiza kuti palibe munthu anam'koka ndi chingwe kum'bweretsa kumudzi. Anabwera yekha, kutsata makoswe amene anachuluka pamene anthu anayamba kusunga mbewu m'nkhokwe. Chibale chimenechi nchakale ndithu, pakuti pa chilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500, m'mene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka, ndipo nkhani yake inafalitsidwa m'chaka cha 2004.

Mphaka wa pakhomo anatengera mtima wa kholo lakelo. Iye adziwa malo ake ndi fungo. Mukam'ona akukhuza masaya pa mwendo wa mpando kapena pa mphuthu ya chitseko, dziwani kuti akusiyapo fungo lake, limene mphuno zathu sizingamve, kuti pobwerera azindikire kuti pano ndi kwawo. Tsono m'nyumba yatsopano mulibe fungo lakelo ngakhale pamodzi. Muli fungo la anthu achilendo, la utsi wachilendo, kapenanso la galu.

Ife timati, "Ndam'pulumutsa." Mphaka sadziwa mawu amenewo. Chimene adziwa iye nchakuti manja aakulu anam'gwira, nam'ponya m'thumba kapena m'dengu, nam'gwedeza njira yonse pa njinga, nam'khuthulira pamalo posadziwika. Nyama ya kutchire ikagwidwa chotero, chotsatira chake ndi imfa. Palinso china. Kamphaka kazolowera anthu makamaka pamene kali ndi milungu 2 kufikira 7 chibadwire. Amene anakulira kudzala, ana akum'genda ndi miyala, anaphunzira kale kuti dzanja la munthu likatukuka pakubwera zowawa. Phunziro lotere silifafanizika ndi mbale imodzi ya usipa.

Nanga wom'tola achite chiyani? Am'patse chipinda chimodzi chopanda phokoso, m'mene galu ndi ana salowa. Aikemo bokosi lobisalamo, madzi, chakudya, ndi mbale ya mchenga yochitiramo chimbudzi, patali ndi chakudyacho. Chakudya chikhale cha nsomba kapena nyama, pakuti thupi la mphaka silikhala bwino ndi mkute wokha, ndipo mkaka wa ng'ombe utsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu. Asam'lole kutuluka kunja kwa milungu 3 kapena 4, kuopa kuti angathawe kukafuna malo ake akale. Zikatha izi, ntchito yotsala ndiyo yovuta koposa: kukhala pansi m'chipindamo kanthawi tsiku lililonse, osam'yang'anitsitsa, osam'gwira, ndi kutulukamo wopanda kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Wodekhayo ayamba kuona zizindikiro. M'mawa wina apeza mbale ili mbee, mphaka atadya usiku. Tsiku lina aona mutu ukusuzumira m'bokosi. Kenaka mphakayo ayamba kudzinyambita munthu ali pomwepo, ndipo ichi nchizindikiro chabwino, pakuti nyama yogwidwa ndi mantha aakulu sichotsa maso pa mdani wake kuti isambe. Potsiriza adza yekha nakhuza tsaya pa mwendo wa munthuyo, monga achitira ndi mpando uja. Ena afika pamenepa m'masiku ochepa, ena miyezi imapita.

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Wina adzati, "Kodi kuyamika sikwabwino? Kodi sitiphunzitsa ana athu kulandira ndi manja awiri ndi kunena zikomo?" Inde, kuyamika nkwabwino, ndipo munthu wosayamika atopetsa mudzi wonse. Koma kuyamika kufuna kuti wolandirayo azindikire chimene wachitiridwa. Mphaka sangaganize kuti, "Munthu uyu akadapanda kunditola, ndikadafa." Kum'dzudzula chifukwa cha kusayamika kuli ngati kudzudzula wakhungu chifukwa sanatamande malaya anu atsopano. Ndipo munthu amene apsa mtima chifukwa sanayamikidwe adziululira yekha kuti pothandizapo anali kuyembekeza malipiro. Ndithu mphaka wadya bwino, sitikana ayi. Koma chimene munthuyo anachita chayandikira ku malonda koposa ku chifundo.

Ine ndiganiza kuti ngongole ilipo, koma ili kwa wotolayo. Mphaka asanatoledwe anali ndi moyo wake, woipa ndithu, wa njala ndi utitiri, komabe anadziwa pokaba chakudya ndi pothawira. Amene anam'nyamula anam'chotsera zonsezi popanda kum'funsa. Pakutero analonjeza, ngakhale sananene ndi pakamwa, kuti adzam'patsa zabwino koposa zimene anam'landa. Chifukwa chake kutola mphaka ndi kukam'taya kutchire patapita mlungu umodzi, poti sagwirika kapena sanagwire khoswe, nkoipa koposa kum'pitirira panjira poyamba paja. Wopitirira sanalonjeze kanthu.

Mbali ina ya ngongoleyi ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto kuti akam'baye katemera wa chiwewe, akam'patse mankhwala a njoka za m'mimba, ndi kum'tseka kuti asabereke, pakuti mphaka wamkazi akhoza kutenga bere asanathe miyezi 6, ndipo bere lake likhala milungu 9 yokha. Za chiwewe musachite nazo chibwana. Mphaka wotoledwa akaluma kapena kukala munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Winanso adzati, "Aphunzitsi, anthu akugona ndi njala, inu mukutiuza za mtima wa mphaka?" Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo sindinena kuti munthu amane ana ake ndiwo kuti adyetse mphaka. Amene alibe chom'patsa asam'tole. Palibe mlandu pamenepo. Koma chinthu chachikulu chimene mphaka wamantha afuna, ndicho kum'leka mumtendere, sichigulidwa ndi ndalama. M'chaka cha 1789 Mngelezi wina woganiza mozama, Jeremy Bentham, analemba kuti pofuna kudziwa ngati tili ndi udindo pa nyama tisafunse za nzeru zake kapena za kulankhula kwake, koma ngati ikhoza kumva zowawa. Mantha nawo ndi zowawa, ndipo aliyense amene anagwirapo kamphaka mtima wake ukugunda m'manja adziwa kuti iko kazimva.

Pano ndiloleni ndinene za anthu pang'ono, ngakhale mwana si mphaka. M'sukulu timalandira ana amasiye amene atengedwa ndi amalume kapena azakhali awo ochokera kutali. Ambiri mwa iwo akhala kumbuyo kwa kalasi, salankhula, ndipo ena abisa chakudya m'thumba ngakhale kunyumba akudya bwino. Owalera ena adza kudzadandaula kuti, "Tam'gulira yunifolomu, tam'patsa pogona, koma sasekerera." Mwanayu, mosiyana ndi mphaka, adzafika pozindikira zimene anachitiridwa, ndipo kawirikawiri adzayamika akadzakula. Koma ndaona kuti mawu oti "tinakutola", akamanenedwa masiku onse pa nthawi ya nsima, achedwetsa chiyamikocho, ndipo nthawi zina achipheratu. Mwanayo aleka kumva kuti ali kwawo, nayamba kuwerenga masiku oti adzachoke.

Tiyenera kunenanso zoona: alipo amphaka amene sazolowera konse. Amene anabadwira kutchire, nakula osagwidwa ndi munthu, akhoza kukhala pakhomo zaka zambiri osalola dzanja kum'khudza. Kum'tsekera m'nyumba wotereyu ndi kum'zunza. Amene adziwa za amphaka alangiza kuti akabayidwa katemera ndi kutsekedwa, apatsidwe malo kunja, monga pafupi ndi nkhokwe kapena khola, ndi chakudya pa nthawi yake. Mwini nyumba sadzam'nyamula pamiyendo, ndipo alendo akadza sadzakhala ndi chowaonetsa. Madzulo adzaika mbale pansi pa nkhokwe, nabwerera pakhonde. Mphakayo adzadikira kufikira munthuyo atakhala pansi, ndipo pamenepo adzatuluka nadya, akutukula mutu kawirikawiri kuyang'ana kukhondeko.