Khoma Lobisa ndi Khoma Loulula: Funso la Choonadi Pokonzanso Bafa

Banja likaganiza zokonzanso bafa, zokambirana zimathera pa mtundu wa matailosi, penti ya kukhoma ndi mtengo wa sinki, ndipo ambiri amaiona nkhaniyi ngati ya zimene maso amakonda basi. Komabe pansi pa zosankha zimenezi pagona funso lakale limene achipembedzo ndi anthu a nzeru zakuya akhala akulimbana nalo, lakuti kodi kunja kwa chinthu kuyenera kuulula zam'kati kapena kuli ndi ufulu wozibisa. Funsoli limakula m'bafa chifukwa zonse zooneka m'chipindachi ndi zokutira, ndiko kunena zinthu zopyapyala zimene mmisiri amatsirizira nazo ntchito, monga pulasitala, penti ndi matailosi, pamene njerwa, mapaipi ndi chinyontho zimatsalira kuseri.

Mabafa oyera mbee sanafale chifukwa cha kukongola. M'chaka cha 1854 dokotala John Snow anasonyeza kuti kolera imene inapha anthu mazanamazana m'dera la Soho ku London inkachokera pa mjigo wa mumsewu wa Broad Street, ndipo patapita zaka pafupifupi 30 Robert Koch wa ku Germany anatsimikizira kachilombo koyambitsa matendawa. Anthu atazindikira kuti matenda amayenda ndi tizilombo tosaoneka, zipatala ndi nyumba za ku Ulaya ndi ku America zinayamba kuchotsa matabwa osema ndi makapeti m'zipinda zamadzi n'kuikamo matailosi oyera a nkhope yagalasi, amene samwa madzi ndipo sachedwa kutsukika. Mtundu woyera unapatsidwa ntchito ya mboni, kuti litsiro likafika lisowe pobisala. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Le Corbusier, anaifikitsa mfundoyi patali mu 1925 pamene analimbikitsa kuti makoma onse a m'nyumba azipakidwa zoyera, poganiza kuti munthu wokhala pamalo osabisa kanthu amaphunzira kusadzinamiza ngakhale mumtima.

Malemba Opatulika amasonyeza kuti nkhaniyi si yapafupi chotero, chifukwa utoto womwewo umene umaulula umathanso kuphimba. Mu Ezekieli 13 aneneri onyenga akufanizidwa ndi anthu opaka njereza khoma losalimba limene mvula idzaligwetse, ndipo mu Mateyu 23 Yesu akudzudzula atsogoleri achinyengo powayerekezera ndi manda opakidwa njereza. Ndime imene ikukhudza mmisiri mwachindunji ndi Levitiko 14, imene ikufotokoza zochita nyumba ikatuluka mawanga obiriwira kapena ofiira olowerera m'khoma. Wansembe ankaitseka masiku 7, ndipo mawanga akafalikira ankalamula kuti miyala yokhudzidwa ichotsedwe, makoma apalidwe, kenako paikidwe miyala ina ndi kumatanso dothi latsopano. Vutolo likabwereranso, nyumba yonse inkagwetsedwa. Ndondomeko yake ndi yomveka: kupala kumayamba, kumata kumatsatira. Mwini nyumba amene amamata matailosi pakhoma lonyowa, osafufuza paipi yodontha, osaika mankhwala otchinga madzi, osapendeketsa simenti yapansi kuti madzi azitsetserekera potulukira, wasemphanitsa ndondomekoyi, ndipo makolo anamunena kale pa mwambi wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Funso lachiwiri ndi la zomangira zotengera maonekedwe a zinzake. M'buku lake la 1849, The Seven Lamps of Architecture, John Ruskin wa ku England anati kupaka thabwa kuti lioneke ngati mwala wa mabo ndi bodza, ndipo bodza la m'nyumba limadetsa womanga monga bodza la pakamwa. Lero matailosi ambiri ogulitsidwa m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka ndi dongo lootcha limene pamwamba pake anasindikizapo mizere ya mabo kapena ya thabwa. Kodi wowagula akunama? Yankho likufuna kudziwa chikhalidwe cha zinthuzo. Mwala wa mabo ndi wa mtundu umodzi ndi mwala wa laimu, choncho asidi wa m'mandimu, m'viniga ndi m'mankhwala ambiri otsukira chimbudzi amaudya n'kuusiya wothimbirira, pamene tailosi ya porcelain, yootchedwa pamoto waukulu, imamwa madzi osapitirira 0.5 peresenti ya kulemera kwake. M'bafa, chotsanziracho chimagwira ntchito bwino kuposa chenichenicho. Ruskin yemweyo anavomereza kuti kukuta chinthu ndi golide wopyapyala si chinyengo, popeza aliyense amadziwa kuti m'kati mwake si golide. Kuchokera apa zikuoneka kuti bodza silikhala m'chithunzi cha pa tailosi, koma m'chikhulupiriro cholakwika chimene chingavulaze munthu wina. Mabodza enieni a m'bafa ndi tailosi yonyezimira yakukhoma yoikidwa pansi, imene imaoneka ngati popondapo pabwino koma imaterera ikangonyowa, ndi penti yatsopano yopakidwa pa chuku tsiku loti wofuna lendi abwera kudzaona nyumba.

Pali ena amene amatsutsa ulamuliro wa mtundu woyera pa chifukwa china. Mlembi wa ku Japan, Tanizaki Jun'ichirō, analemba mu 1933 kuti matailosi oyera ndi kuwala kothobwa m'maso zimalanda chimbudzi bata limene chinali nalo pamene chinkamangidwa ndi matabwa pamalo amthunzi. Ku America nakonso, kampani ya Kohler inayamba kugulitsa masinki ndi mabafa amitundu yosiyanasiyana mu 1927. Mfundo yawo ili ndi choonadi, chifukwa wolowa m'bafa si wodwala wokapimidwa, koma munthu wovula amene akufuna ulemu ndi mpumulo. Chisilamu, chimene chimalamula udhu, kusamba ziwalo zina asanapemphere, ndi ghusl, kusamba thupi lonse, sichinaone kuti ukhondo ndi kukongola zimatsutsana. M'nyumba zosambira za ku Marrakech, ku Morocco, makoma amamatidwa ndi tadelakt, pulasitala wa laimu amene amasalazidwa ndi mwala n'kupakidwa sopo wa mafuta a olivi, ndipo sopoyo akagwirana ndi laimu khomalo limaleka kumwa madzi, kaya likhale lofiirira kapena lachikasu. Komanso palibe mtundu umene umaulula zonse: tailosi yoyera imaonetsa fumbi ndi ndere, pamene yakuda imaonetsa thovu louma la sopo ndi mawanga a madzi amchere amene yoyera imawabisa.

Ngati mtundu pawokha sungakhale muyeso, muyeso uyenera kufunidwa mwa munthu wofooka kwambiri amene adzalowe m'chipindacho: agogo amene maso ayamba kuchita khungu, mayi woyembekezera, mwana wongoyamba kuyenda, wodwala wofuna kusambitsidwa. Kwa agogowo, bafa limene pansi, khoma ndi mtondo wa chimbudzi zonse ndi zoyera limakhala losocheretsa, chifukwa maso okalamba amadalira kusiyana kwa mitundu kuti adziwe pothera pansi ndi poyambira khoma, ndiye chifukwa chake okonza nyumba za okalamba amalangiza kuti chogwirira ndi mpando wa chimbudzi zikhale za mtundu wosiyana ndi zozizungulira. Matailosi ang'onoang'ono okhakhala amagwira phazi chifukwa cha kuchuluka kwa mizere ya simenti pakati pawo, ngakhale kuti mizereyo imafuna kukwechedwa kawirikawiri. Pa muyeso umenewu, bafa laudzu la kumudzi, loyalidwa miyala pansi, limene madzi amalowerera ndipo dzuwa limaliumitsa tsiku lililonse, likhoza kuposa bafa la matailosi odula lopanda zenera.

Choncho kusankha mitundu ndi zomangira za m'bafa kuli ndi mbali imene ili yaufulu ndi mbali imene ili yaudindo. Mwini nyumba ali ndi ufulu wokonda zobiriwira, zotuwa kapena zofanana ndi mabo, ndipo chisangalalo chimene amapezamo si tchimo. Udindo wake ndi wakuti ndalama ziyambe zapita ku zimene mlendo sadzaziona, monga mapaipi, kutchinga madzi, kupendekeka kwa pansi ndi mpweya wolowa, kenako ku chitetezo cha phazi ndi diso la wofooka, ndipo zotsalazo zipite ku zokometsera. Wotsata ndondomeko imeneyi akhoza kupaka mtundu uliwonse ndi chikumbumtima chabwino, chifukwa palibe munthu amene adzagwe, kudwala kapena kuluza ndalama pokhulupirira zimene khoma lake likuonetsa.