Dzulo munadya chiyani?

 Madzi a tiyi ali pamoto, ndiye ndikufunseni motsitsa mawu: dzulo munadya chiyani?

Ambiri muyankha kuti nsima ya nyemba. Mitanda ingati? Apa mpovuta, pakuti mbale inali imodzi, manja anayi. Nanga chimanga chootcha chija munagula m'mbali mwa msewu wa M1 pa Jenda, ndi mtedza uja munkaswa mukucheza pakhonde? Zoterezi sitiziwerengera. Munthu amene sanaone nsima amati wagona ndi njala, ngakhale mimba itadzaza mbatata.

Funso lomweli amafunsa a National Statistical Office pa kafukufuku wa mabanja, monga wa 2019 mpaka 2020. Iwo amafuna za masiku 7 apitawo, ndipo amayenda ndi zithunzi za milu ndi ndowa kuti mulu wa tomato udziwike kukula kwake. M'zaka za m'ma 1990, Elaine Ferguson ndi Rosalind Gibson anayesa pakati pa amayi akumudzi kuno ku Malawi: chakudya chinkayezedwa pa sikelo, m'mawa mwake mayi n'kufunsidwa zomwe anadya. Zokumbukira ndi za pa sikelo sizinkagwirizana ndendende.

Sindikuti ndife abodza. Koma mlendo wa cholembera akafika, wina amatchula nyama yomwe sinaphikidwe, kuopa manyazi. Wina amabisa nkhuku ya dzana, poganiza kuti akulemba mayina a thandizo.

Madzi aja awira. Shuga muthira masupuni angati?