Msilikali Amene Anamsinthira Deti la Imfa

MBANDAKUCHA pa November 11, 1918, m'ngolo ya sitima m'nkhalango ya Compiègne, ku France, nthumwi za Germany ndi za maiko olimbana nalo zinasaina pangano loleka kumenyana. Mfuti zinayenera kukhala chete pa 11 koloko m'maŵa womwewo. Nkhondo Yadziko I inali itatsala ndi maola osakwana 6.

Kutatsala mphindi pafupifupi 15, chipolopolo chinapha Augustin Trébuchon pafupi ndi mudzi wa Vrigne-Meuse, m'chigawo cha Ardennes. Mwamuna wazaka 40 ameneyu anali mbusa wa nkhosa wochokera kumapiri a Lozère. Anali kunkhondo kuyambira mu 1914, ndipo anapulumuka ku Verdun ndi ku Somme. Sanali mkulu wa asilikali. Ntchito yake inali kuthamanga ndi mauthenga, ndipo kukusimbidwa kuti uthenga wake womalizira unali wouza anzake nthaŵi yolandirira chakudya.

Komabe, pamtanda wa manda ake analembapo kuti anamwalira pa November 10. Anatero ndi anzake omwe amene anaphedwa naye m'maŵa umenewo. Chifukwa ninji?

Olemba mbiri ena amati akuluakulu a nkhondo anachita manyazi. Gulu la Trébuchon linali litalamulidwa kuwoloka mtsinje wa Meuse kukapanikiza Ajeremani pamene makambitsirano a mtendere anali atayamba kale. Ena amati chinali chifundo, kuti mabanja a akufawo asavutike polandira ndalama za chipukutamisozi, ndi kuti asapwetekedwe mtima podziŵa kuti mwana wawo anafa patsiku limene dziko lonse linali kuimba mabelu achisangalalo.

Lingaliro lachiŵirili nlosayenera kulinyoza. Ndani wa ife sanabisepo mbali ina ya nkhani pamaso pa wofedwa? Amayi amene akulira samafunikira kumva zonse patsiku la maliro.

Koma mtanda wa pamanda sumalankhula kwa amayi okha, ndiponso sumalankhula tsiku limodzi. Umakhalapobe olirawo atapita. Ndipo talingalirani chimene bodza la tsiku limodzi linachotsa. Msilikali wophedwa pa November 10 ali mmodzi chabe wa Afalansa oposa 1,300,000 amene anafa m'nkhondoyo. Msilikali wophedwa pa November 11, pangano litasainidwa kale, amadzutsa funso lovuta kwa amene anamtuma: Kodi munthu ameneyu anaferanji? Malo amene anali kumenyera akanawaloŵa akuyenda chabe patapita masiku oŵerengeka, pakuti panganolo linalamula Ajeremani kuchoka m'France. Chotero, kaya cholinga chinali chifundo kapena manyazi, amene anapindula kwambiri ndi detilo anali amoyo okhala ndi ulamuliro.

Munthu wamba amasiya zochepa. Trébuchon sanakwatire, sanalembe buku, ndipo palibe mawu ake amene anthu amawagwira. Chimene chinali chakechake chinali dzina, mudzi wakwawo, ndi ola limene anafa. Zipilala kaŵirikaŵiri zimatamanda asilikali onse pamodzi ndi mawu aulemerero, ndipo kutamanda nkosavuta. Kunena molondola zimene zinachitikira munthu mmodzi kumafuna zambiri, chifukwa kumaloza chala anthu ena.

Lerolino olemba mbiri ambiri amamtchula kukhala msilikali womalizira wa France kuphedwa pabwalo la nkhondoyo. Alendo amene amafika pamanda aang'onowo, pafupi ndi tchalitchi cha Vrigne-Meuse, amafika chifukwa cha deti limene linabisidwalo.